Rudolf Kompfner: wojambula mapulani a nyumba amene anakuza mawu a setilaiti

Mvula yamphamvu ikayamba mpira uli mkati, tonse timadziwa zomwe zimachitika. Chithunzi chimayamba kudukaduka, osewera n'kuuma ngati zidole, kenako pa sikirini pamangoti zii. M'vidiyo sho monse mumangomveka kudandaula, ena akunyoza dishi, ena mwini malo. Koma tikanadziwa mtunda umene chithunzicho chimayenda, bwenzi tikudabwa kuti chimafika bwanji n'komwe, ngakhale tsiku limene kumwamba kuli mbee.

Setilaiti imene dishi yanu yaloza ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 36,000 kuchokera padziko. Kachipangizo kamene kamatumiza gulu la matchanelo kuchokera kumeneko kamatulutsa mphamvu ya mawati 100 kapena kupitirirako pang'ono, yofanana ndi ya babu lakale lija lotentha kwambiri. Mphamvu imeneyi imamwazika pa mayiko ambirimbiri nthawi imodzi, moti imene imagwera pa dishi ya padenga panu siikwana n'komwe gawo limodzi mwa magawo biliyoni a wati imodzi. Kuti kanong'onong'o kotereka kasanduke chigoli chimene mukuchikuwira, pamafunika ma ampulifaya, ina kumwambako, ina pa dishi pomwepo.

Ya kumwambayo, m'masetilaiti ambiri a kanema, ndi kachubu kowonda kamene kanatulukiridwa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse ili mkati. Amene anakatulukira analibe digiri ya fizikisi kapena ya zamagetsi. Ntchito yake inali yojambula mapulani a nyumba, ndipo panali patangopita zaka ziwiri chitulukireni mu kampu imene boma la Britain linam'tsekeramo pomuganizira kuti ndi mdani. Dzina lake anali Rudolf Kompfner.

Mwana wa ku Vienna

Kompfner anabadwa pa 16 May 1909 mumzinda wa Vienna ku Austria, m'banja la Chiyuda. Ubwana wake unakumana ndi nkhondo yoyamba ya padziko lonse, ndipo nkhondoyo ikutha, mu Vienna munali njala yadzaoneni. Ana ambiri a mumzindawo anatumizidwa ku mayiko ena kuti akapeze chakudya, ndipo Rudolf anakhalako ku Sweden kwa kanthawi, makolo ake atatsala.

Mtima wake unali pa fizikisi kuyambira ali mnyamata, koma atafika pa sukulu yaukachenjede ya zaluso ya ku Vienna anaphunzira zojambula mapulani a nyumba, ndipo anamaliza mu 1933. Chaka chimenecho n'chimene Adolf Hitler anatenga boma ku Germany, ndipo chidani pa Ayuda chinali chikukula ku Austria komwe. Mu 1934 Kompfner ananyamuka kupita ku London. Anapeza ntchito m'kampani yomanga nyumba, n'kukwera mpaka kukhala mmodzi wa oiyendetsa. Mu 1939 anakwatira mtsikana wa ku England, Peggy Mason.

Masana ankalimbana ndi njerwa, simenti ndi ma kontilakita. Akaweruka ankalowera ku laibulale ya ofesi yolembetsa zotulukira zatsopano ku London, komwe aliyense ankatha kuwerenga magazini a sayansi osalipira. Kumeneko ankawerenga za machubu a wailesi ndi za kanema, amene panthawiyo anali atangoyamba kumene. Ankalemba maganizo ake m'makope, n'kumajambula zipangizo zimene analibe ndalama kapena malo ozipangira. Mphunzitsi analibe, mayeso kunalibe, ndipo panalibe amene anamulonjeza ntchito.

Mdani m'dziko limene anathawirako

Mu March 1938 Germany inameza Austria, ndipo pa mapepala Kompfner anasanduka nzika ya dziko la Hitler. Pofika pakati pa 1940, France itagonja, boma la Britain linachita mantha kuti pakati pa anthu obwera pangakhale akazitape. Linasonkhanitsa amuna masauzande ochokera ku Germany ndi Austria n'kuwatsekera m'makampu, ambiri a iwo pa chilumba cha Isle of Man. Chomvetsa chisoni n'chakuti ochuluka anali Ayuda amene anathawa Hitler yemweyo. Kompfner anatengedwa nawo, patangotha chaka chimodzi chikwatirireni.

Anakhala m'menemo miyezi pafupifupi isanu ndi umodzi. M'makampumo munadzaza aphunzitsi a ku yunivesite, oimba ndi akatswiri a masamu, ndipo pofuna kuti nthawi ipite ankaphunzitsana okhaokha. Kompfner anapezerapo mwayi wokambirana za fizikisi ndi anthu amene anaiphunzira m'kalasi. Anatulutsidwa chakumapeto kwa 1940, ndipo mu 1941 boma lomwe lija linamutumiza ku yunivesite ya Birmingham, ku gulu la Pulofesa Mark Oliphant limene linkagwira ntchito yachinsinsi ya asilikali apamadzi. Dzulo mkaidi, lero wosunga zinsinsi za nkhondo.

Gululi linkapanga zipangizo za rada, makina amene amatumiza mafunde a wailesi m'mwamba n'kumvetsera akagunda ndege n'kubwerera. Chaka chapitacho John Randall ndi Harry Boot a m'gulu lomwelo anali atapanga chubu champhamvu chotumizira mafundewo, chotchedwa cavity magnetron. Kukuwa kunali kutatheka. Vuto linatsala pa kumva, chifukwa mafunde obwerera kuchokera pa ndege yakutali amakhala ofooka zedi. Apa ndi pamene Kompfner anaika mtima wake.

Kodi ampulifaya imatani kwenikweni?

Tiyeni tiime kaye pang'ono. Ampu ya ku tchalitchi kapena ya DJ wa pa ukwati tonse timaidziwa: munthu amalankhula pa maiki motsitsa, koma mawu amatuluka m'masipika mpaka mudzi wonse kumva. Ambiri timaganiza kuti ampuyo imafufumitsa mawu ngati isiti mu mandasi. Ayi ndithu. Mphamvu imene ikugwedeza masipika ikuchokera ku magetsi a pakhoma, ku jenereta kapena ku batire. Kamphamvu kochokera pa maiki kamangolamula mmene mphamvu yaikuluyo itulukire.

Zili ngati mpopi. Zala ziwiri zokha zimatha kutsegula ndi kutseka madzi ochokera mu thanki yaikulu. Mukamatsegula ndi kutseka motsatira kayimbidwe kena, madzi nawo amatuluka motsatira kayimbidwe komweko, koma ndi mphamvu ya thanki. Ampulifaya ndi mpopi wa magetsi. N'chifukwa chake magetsi akazima ampu imangoti duu, ngakhale mlaliki akuwe chotani.

Pali vuto limodzi limene ampu iliyonse ili nalo. Imakuza chilichonse chimene chalowa, mawu ndi phokoso lomwe, kenako n'kuwonjezapo kaphokoso kakekake. Kusososa kuja mumamva m'masipika munthu asanayambe kulankhula ndi komweko. Ngati uthenga wolowa ndi wofooka kuposa kaphokoso ka ampuyo, basi wamira, ndipo ngakhale mukweze voliyumu mpaka kumapeto mudzangomva phokoso.

Mpopi woyamba wa mtunduwu unali chubu chagalasi chopanda mpweya chimene Lee de Forest wa ku America anapanga mu 1906. Mkati mwake tinthu tating'onoting'ono tonyamula magetsi, timene timatchedwa maelekitironi, timadumpha kuchoka pa kawaya kotentha kupita pa kachitsulo kena, ndipo pakati pamakhala kasefa kamene kamatitsekera kapena kutitsegulira njira. Pa wailesi wamba chubuchi chinkagwira bwino ntchito. Koma mafunde a rada amasinthasintha maulendo mabiliyoni pa sekondi imodzi. Elekitironi isanamalize n'komwe kudumpha, lamulo lasintha kale, ndipo chubu chija chimasokonezeka.

Mu 1937 abale awiri, Russell ndi Sigurd Varian, anapanga chubu china ku yunivesite ya Stanford, chotchedwa klystron. M'menemo maelekitironi amathamanga mumzere ngati madzi a mu payipi, n'kudutsa pa kampata kakang'ono pamene amakumana ndi mafunde. Chinkagwira ntchito, koma chinali ndi phokoso, komanso chinkamva kachigawo kochepa chabe ka mafunde, ngati wailesi yomata pa siteshoni imodzi.

Nzeru yochedwetsa mafunde

Kompfner atayang'anitsitsa klystron anaona kuti vuto lili pa kampata kaja. Mafunde ndi maelekitironi amakumana kwa kamphindi kochepetsetsa, kenako aliyense wake ulendo. Tangoganizani muli pa njinga ndipo mukufuna kupatsira katundu munthu amene ali m'basi yothamanga. Ikamakudutsani mungaponye kathumba kamodzi basi. Koma basiyo itati iziyenda pambali panu pa liwiro lanu kwa kilomita yathunthu, mukhoza kupereka katundu yense mosapupuluma.

Ndiye funso lake linali lakuti, bwanji mafunde ndi maelekitironi aziyendera limodzi? Chovuta n'chakuti mafunde a wailesi amathamanga ngati kuwala, makilomita 300,000 pa sekondi. Maelekitironi okankhidwa ndi mavoti masauzande awiri kapena atatu amangofika pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi a liwiro limenelo. Kuwathamangitsa kuti afanane ndi kuwala sikukanatheka. Chotsala chinali kuchedwetsa mafundewo.

Chakumapeto kwa 1942 anapeza njira yake, ndipo ndi yosavuta moti mpaka imaseketsa. Anatenga waya n'kumupiringiza ngati kasipuling'i ka mu bolopeni, koma kotalika. Mafunde akalowa pa wayayo amatsatira mapiringidzo onse pa liwiro lawo lomwe lija, koma poti akuzungulirazungulira, kupita kwawo chitsogolo kumachepa. Amene anatsikapo msewu wa Khwekhwerere kuchokera ku Dedza kupita ku Golomoti akudziwa: galimoto imayenda mtunda wautali m'makona, pamene mbalame yowuluka mowongoka imafika msanga. Ngati kuzungulira kamodzi kuli kotalika kakhumi poyerekeza ndi mpata wa pakati pa mapiringidzo, mafunde amapita chitsogolo pa gawo limodzi mwa magawo khumi a liwiro la kuwala. Pakati pa kasipuling'iko, mowongoka, Kompfner anadutsitsapo mzere wa maelekitironi. Tsopano awiriwa anali pa liwiro limodzi.

Zimene zimachitika kenako n'zimene zimakuza uthenga. Mafunde amakankha maelekitironi ena kutsogolo, ena n'kuwabweza m'mbuyo, moti amayamba kuunjikana m'timagulu motsatira kayimbidwe ka mafundewo. Maelekitironi akapatsidwa liwiro lopitirira pang'ono la mafunde, timagulu tija timakankha mafunde kuchokera kumbuyo n'kumawapatsa mphamvu yawo. Mafunde akakula amaunjikanso maelekitironi kwambiri, iwonso n'kukankha kwambiri, mpaka kumapeto kwa chubu. Asodzi a ku Nkhotakota amazidziwa bwino izi: mwera ukamawomba pamwamba pa nyanja mtunda wautali, timafunde tating'ono timasanduka mapiri a madzi. M'machubu a masiku ano uthenga umatuluka utakula kuwirikiza ka 100,000 kapena kuposa apo.

Ena mwa anzake, anthu a madigiri awo, ankakayika. Kompfner sanalimbane nawo pakamwa. Anapanga chubucho, ndipo mu 1943 chinakuza mafunde. Ubwino wina umene unaonekera n'ngwakuti kasipuling'i sikasankha siteshoni: kamakuza chigawo chachikulu cha mafunde nthawi imodzi. Kwa rada zimenezi zinali zothandiza, koma kwa anthu ofuna kutumiza mafoni mazanamazana kapena zithunzi za kanema pa njira imodzi, anali golide weniweni. Chubuchi chimatchedwa travelling-wave tube, kapena TWT mwachidule, kutanthauza chubu cha mafunde oyenda.

Kunena chilungamo, anthu ena awiri ku America, Andrei Haeff ndi Nils Lindenblad, anali atalembetsapo kale maganizo ofananako. Koma chubu chimene chinagwira ntchito n'kutsegula maso a dziko chinali cha Kompfner.

Kuchoka ku Oxford kupita mumlengalenga

Mu 1944 anasamukira ku Clarendon Laboratory ku Oxford, ndipo chaka chomwecho anakumana ndi John R. Pierce, katswiri wa ku Bell Laboratories ku America amene anabwera kudzaona ntchito za rada. Pierce, yemwe pambuyo pake anadzapereka dzina loti transistor, anatengeka nacho chubucho. Atabwerera kwawo anakonza masamu ofotokoza bwinobwino mmene chimagwirira ntchito, n'kupanga machubu amphamvu kuposa oyambawo. Mmodzi anali ndi diso loona chinthu chisanakhalepo, winayo anali ndi masamu, ndipo ubwenzi wawo unakhala mpaka imfa.

Nkhondo itatha, Kompfner analemba za chubu chake m'magazini ya Wireless World mu November 1946. Chaka chimodzi m'mbuyomo, mu October 1945, magazini yomweyo inali itasindikiza nkhani ya Arthur C. Clarke yonena kuti makina oikidwa pa mtunda wa makilomita 36,000 akhoza kumazungulira limodzi ndi dziko n'kumaoneka ngati aima malo amodzi, n'kumapatsira mauthenga. Ambiri ankaziona ngati nthano. Maloto a Clarke ndi chubu cha Kompfner zinadzakumana patapita zaka pafupifupi makumi awiri.

Digiri yake ya udokotala wa fizikisi anailandira ku Oxford mu 1951, ali ndi zaka 42, patatha zaka zisanu ndi zitatu chitulukireni chinthu chimene chinam'tchukitsa. Kumapeto kwa chaka chomwecho anawoloka nyanja kukayamba ntchito ku Bell Laboratories ku New Jersey.

Soviet Union itaponya Sputnik mu 1957, Pierce ndi Kompfner anayamba kukakamiza mabwana awo kuti ayese kutumiza mauthenga kudzera mumlengalenga. Kuyesa koyamba kunali Echo 1, imene NASA inaponya pa 12 August 1960. Linali chibaluni chonyezimira, mamita 30 kukula kwake, chopanda ampulifaya iliyonse. Mafunde ankangogunda n'kubwerera ngati mpira pa khoma. Mawu ojambulidwa a Pulezidenti Dwight Eisenhower anachoka ku Goldstone ku California n'kukamveka ku Holmdel ku New Jersey. Zinatheka, koma uthenga wobwerera unali wofooka moti pansi panafunika mlongoti waukulu wooneka ngati lipenga, ndi ampulifaya yapadera yotchedwa maser, yoziziritsidwa kufika pafupi ndi madigiri 269 pansi pa ziro kuti isachite phokoso. Phunziro linali loonekeratu: setilaiti yothandiza iyenera kunyamula ampu yakeyake.

Pa 10 July 1962 anaponya Telstar 1, kampira kolemera makilogalamu 77, kosakwana mita imodzi kukula kwake. Mkati mwake munali ma transistor oposa 1,000 ndi chubu chimodzi chokha, cha mtundu wa Kompfner. Ma transistor a nthawiyo sakanatha kutulutsa mphamvu yokwanira pa mafunde othamanga chotero. Telstar inkalandira uthenga kuchokera pansi pa mafunde a 6 GHz, n'kuutsitsira pa 4 GHz kuti wolowa ndi wotuluka asasokonezane, kenako chubu chija n'kuukuza kufika mawati ochepa chabe, osakwana asanu. Mawati ochepawo anakwanira kuwolotsa zithunzi za kanema pa nyanja ya Atlantic, pakati pa Andover ku America, Pleumeur-Bodou ku France ndi Goonhilly ku England. Pa 23 July anthu a ku Ulaya anaonera Pulezidenti John F. Kennedy akulankhula ndi atolankhani ku Washington nthawi yomweyo. Kuno tinali tidakali Nyasaland, ndipo kanema wathuwathu tinadzakhala naye mu 1999.

Telstar sinakhalitse. Kutatsala tsiku limodzi kuti iponyedwe, America inaphulitsa bomba la nyukiliya mumlengalenga, ndipo cheza chake chinawononga ma transistor a setilaitiyo mpaka inasiyiratu kugwira ntchito mu February 1963. Koma kapangidwe kake, kolandira, kusintha mafunde, kukuza ndi kubweza pansi, n'kamene masetilaiti a kanema akutsatirabe mpaka lero.

Zaka zomaliza

Kompfner anakhala mkulu wa zofufuzafufuza ku Holmdel, ndipo ankadziwa kusankha anthu. Mu 1961 analemba ntchito mnyamata wina, Arno Penzias, yemwenso anathawa Hitler ali mwana. Penzias ndi mnzake Robert Wilson, pogwiritsa ntchito mlongoti wa lipenga uja wa Echo, anapeza kaphokoso kochokera mbali zonse za kumwamba kamene sikankachoka ngakhale akonze chotani zipangizo. Kanapezeka kuti ndi kutentha kotsalira kuchokera pa chiyambi cha chilengedwe chonse, ndipo awiriwa analandira mphoto ya Nobel mu 1978.

Kompfner anapuma ku Bell Laboratories mu 1973, chaka chimene analandira mendulo yapamwamba kwambiri ya bungwe la akatswiri a zamagetsi la IEEE. Sanakhale pansi. Ankagawa nthawi yake pakati pa Stanford ndi Oxford, akuphunzitsa ndi kufufuza za maikulosikopu yoona zinthu pogwiritsa ntchito mafunde a mawu. Anamwalira ku Stanford pa 3 December 1977, ali ndi zaka 68.

Miyezi itatu asanamwalire, NASA inaponya Voyager 1. Chombochi tsopano chili pa mtunda woposa makilomita 24 biliyoni, ndipo mauthenga ake akhala akubwera kudzera mu chubu cha mtundu womwewu, cha mawati pafupifupi 20.

Mwina mukufunsa kuti, m'dziko la ma chip lino, chubu n'chachiyaninso? M'foni mwanu ntchito yokuza mafunde opita ku tawala imagwiridwa ndi ma transistor, ndipo masetilaiti atsopano ouluka pafupi ndi dziko, monga a Starlink, amadaliranso ma transistor. Ngakhale kamutu kaja kamakhala kutsogolo kwa dishi, kamene amisiri amati LNB, kali ndi ampulifaya ya transistor yopanda phokoso lambiri, yomwe ndi khutu la dishiyo. Koma pa makilomita 36,000, pamene magetsi onse amachokera ku sola ndipo kutentha kulibe mphepo yokuchotsa, wati iliyonse ndi ndalama. Machubu a TWT amakono amasandutsa magawo oposa 60 pa 100 alionse a magetsi kukhala mafunde, ndipo amagwira ntchito zaka 15 kapena kuposa popanda mmisiri wokawakhudza. N'chifukwa chake makampani sanawataye.

Chimene chimandikhudza pa moyo wa mkuluyu ndi zaka zija za ku London, pamene palibe amene ankamuwerengera. Zaka zisanu ndi chimodzi munthu akuweruka ku ntchito ya zomangamanga n'kukakhala mu laibulale, kuwerenga zinthu zimene sizinkamupatsa ngakhale khobidi. Mwayi utabwera mu 1941 unam'peza ali ndi makope odzaza. Ambiri a ife tili ndi satifiketi ya chinthu china pamene mtima uli kwina, ndipo ena tilibe n'komwe satifiketiyo. Laibulale imene Kompfner ankaiyendera madzulo, ife tili nayo m'thumba, bola bandulo. Sikuti aliyense wowerenga pa foni adzatulukira chubu, komanso Kompfner sakanafika patali popanda labu, ndalama za boma ndi mnzake wodziwa masamu. Koma boma limene linam'tsekera pa Isle of Man poyang'ana pasipoti yokha linatsala pang'ono kutaya munthu amene linkamufuna kwambiri. Olemba anthu ntchito amene amangoyang'ana pepala, osafunsa zimene munthu amachita akaweruka, aganizirepo bwino pamenepa.